Mango Obwezedwa

Lole yachitatu inali ikubwerera cham'mbuyo kulunjika pakhonde la fakitale pamene bambo wa pasikelo anasuzumira pawindo la chipinda choyezera.

"Mayi Ayi, nolani mpeni. Lero kwabwera anu."

"Anga ati? Pano ine ndilibe anga."

"Tiona lero. Paja akuti chibale ndi fupa, sichiola. Koma mango ndiye amaola."

Anaseka yekha n'kubwerera kusikelo kwake.

Dzina loti Mayi Ayi linachokera kwa alimi. Fakitale ija inkafinya madzi a zipatso, ndipo katundu aliyense asanalowe m'makina ankayenera kudutsa kaye m'manja mwa mayiyu. Mango akagwidwa matenda, madontho akuda aja amatsegula khomo, chuku n'kulowa. Chuku china chimasiya poizoni m'chipatso, poizoni wosaoneka, wosanunkha, woti ngakhale uwiritse sachoka. Ntchito ya mayiyu inali kumusaka poizoniyo. Akamupeza ankalemba liwu limodzi pakapepala, katundu n'kubwerera pa lole yomweyo. Pa zaka zisanu ndi zinayi alimi anamumva akukana kambirimbiri, mpaka dzina lake lenileni linaiwalika.

Anavala magolovesi n'kutuluka ndi beseni. Pambali pa lole panaima mlamu wake, mkazi wa achimwene ake, atavala chipewa cha mwamuna wake chomwe chinkamugwera m'maso. Zaka zonse mango a kumunda kwawo ankabwera nawo ndi achimwenewo. Chaka chino anali m'chipatala, sabata yachitatu tsopano.

"Mwafika, alamu. Achimwene adzuka bwanji?"

"Adzuka. Koma mimba ija ikungokulirakulira, miyendo nayo yayamba kutupa. Akuti ndikupatseni moni. Akuti musawachitire manyazi, koma musawachititsenso manyazi."

Mayi Ayi anamwetulira pang'ono. Onse awiri ankalidziwa lamulo la pafakitale: munda ukakanidwa zaka zitatu zotsatizana umafufutidwa pamndandanda. Munda wa achimwene unali utakanidwa chaka chatha ndi chaka chinacho. Zaka ziwiri zonsezo mvula inagwa mosalekeza mango ali pafupi kupsa.

Anatenga mango atatu pamwamba pa kireti yoyamba. Anali osalala, ofiira m'masaya ngati opaka mafuta. Kenako anapisa dzanja mpaka pansi.

"Ii, alamu, mpaka pansi? Mwataya mphete m'menemo?"

"Apamwamba ndawaona. Mwawasanja ngati akupita kukajambulitsa."

"Nanga mlendo umamulandira utavala nsanza?"

Apansi anali ndi madontho. Ena timadontho ting'onoting'ono ngati ta ntchentche, ena mabala akuda olowa mkati, oti ukadina chala chimamira. Mayi Ayi anadzaza beseni.

M'chipinda choyezera alimi sankaloledwa, koma pawindo ankaima. Mlamu anatsamira pamenepo, chipewa chili m'manja. Mayi Ayi anayamba kudula limodzilimodzi. Ena mkati munali mwachikasu bwinobwino. Mwa ena kuda kunali kutatsika kuchokera pomwe anathyoledwera mpaka kukafika panjere. Anaponya zidutswa m'makina opera, napima phala lake pa kasikelo, nathiramo mankhwala a m'botolo labulauni, n'kukhutchumula mpaka mkono kuwawa. Atasefa, anadonthezera madziwo pa kachipangizo koyera kofanana ndi koyezera malungo, n'kutchera wotchi.

"Mphindi khumi," anatero.

Anadikira. Kunja anthu ankakuwizana za makireti. Mzere wofiira unatuluka bwinobwino. Wachiwiri unangobwera ngati chithunzithunzi, woti kuuona mpaka upendeketse kachipangizoko pakuwala.

"Umodzi!" Mlamu anaomba m'manja. "Mulungu ndi wabwino! Umodzi, alamu! Mwana wanga wamng'ono atamuyeza malungo unatuluka umodzi, anamwino anati alibe."

Mayi Ayi anapukusa mutu.

"Izi n'zosiyana, alamu. Kuno iwiri ndiye yabwino. Ukatsala umodzi ndiye kuti poizoni alimo."

Manja a mlamu anatsala chogwirana pachifuwa.

Mayi Ayi anatuluka, nakatenga mango m'makireti ena, nayambiranso. Sankachitira aliyense zimenezi, koma anachita. Zinatuluka chimodzimodzi. Kamakina kowerenga mizere kanaonetsa nambala yopitirira malire. Anakoka kapepala, nalemba liwu lake lija: ZAKANIDWA.

"Munthu uja ali gone pabedi, m'mawa uliwonse amafunsa za mango ake," anatero mlamu motsitsa mawu. "Mukufuna ndikamuuze chiyani? Munthu anasiya sukulu kuti inu mupitirize. Jasi loyera mwavalalo linachokera m'mitengo yomweyi."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa, koma kapepala kamodzi kakukanikani?"

"Madzi a muno amamwa ndi ana, alamu. Ena osayamba n'kuyenda komwe."

"Anga si ana?"

Bambo wa pasikelo, yemwe anali ndi nthabwala pa chilichonse, anapeza chochita kuseri kwa lole.

Makireti anayamba kukwezedwanso. Mlamu anapinda kapepala kaja kanayi, nakamanga pansonga ya mpango. Mkwiyo unali utamuthera, atangotsala ndi kutopa.

"Basi. Tikayanika ngati kale. Koma chaka chino wodya ndani, mwini wake ali m'chipatala?"

Mayi Ayi anali akuvula magolovesi. Anaima.

"Mukayanika chiyani?"

"Mangowa. Nanga inu mumayesa mango obwezedwa amapita kuti?"

"Ndinawauza achimwene kuti asagulitse."

"Ndipo sanagulitse ngakhale limodzi. Amayi a pamsika anabwera mpaka pakhomo ndi madengu, iwo n'kuwabweza. Amvekere, chimene mlongo wanga wakana sindingadyetse mwana wa munthu. Koma kutaya ndiye anakananso. Mukuwadziwa achimwene anu, msomali wopindika amauwongola. Ndiye timadula povunda n'kutaya, kotsalako timacheka tizidutswa n'kuyanika pamalata. Mvula ikabwera timathawitsira m'shedi. Amati uwu ndi mlandu wanga, ndiudya ndekha. M'mawa ndi tiyi, kumunda m'thumba la malaya, madzulo pakhonde. Zaka ziwiri, tsiku ndi tsiku."

Mayi Ayi anasiya magolovesi patebulo. Anaikumbukira bwinobwino foni yomwe anawaimbira achimwene chaka choyamba chija. Linali tsiku la ntchito yambiri, malole ali pamzere mpaka kumsewu. Anangoti, "Pepani achimwene, zakanika. Musakagulitse kwina." Achimwene anati, "Ndamva." Iye n'kudula. Mawu oti musadye sanawanene. Ankayesa n'zodziwikiratu.

Anakapempha kwa abwana kuti aweruke msanga, nakwera lole yomweyo. Njira yonse anakhala mothithikana kutsogolo ndi mlamu wake ndi dalaivala. Fungo la mango linkalowa pawindo lakumbuyo.

Shedi inali kuseri kwa nyumba, ya malata akale ochita dzimbiri. Mkati munali makasu, mpope wopopera mankhwala wothyoka chogwirira, ndi matumba atatu atatsamiritsidwa kukhoma, pansi penipeni. Khomalo linali lonyowa mpaka m'mawondo. Mayi Ayi anamasula thumba limodzi. Pamwamba tizidutswa tinali tofiirira, tonunkhira shuga. Anapisa dzanja mkati. Tomwe anatulutsa tinali tomatana, tofewa, tokhala ndi kaufa kobiriwira m'mapindo.

"Timapukuta kaufako ndi kansalu," anatero mlamu ali pakhomo. "Kukoma sikusintha."

"Ana amadya?"

"Amawakaniza. Amati ana adye abwino a mumtengo. Koma mwana ndi mwana. Wamng'onoyu nthawi zina amaba pang'ono popita kusukulu."

Mayi Ayi anatapa m'matumba onse atatu, naika m'majumbo osiyana. Kenako anamanga matumbawo ndi waya, napempha loko.

"Pasapezeke wotsegula muno. Ngakhale mbuzi isalowe."

Mlamu anamuyang'ana nthawi yaitali, koma sanafunse. Anangokatenga loko wa pakhola la nkhuku.

M'mawa mwake Mayi Ayi anafika pafakitale alonda asanasinthane. Anapera tizidutswa tija, nasefa, nadonthezera. Mphindi khumi sizinafunike n'komwe. Mzere woyamba unaima wokha, pamalo a wachiwiri pali poyera mbee ngati sipanagwe dontho. Kamakina kowerenga sikanapereke nambala, kanangoonetsa kuti zapyola pomwe kamathera. Anasungunula madziwo ndi ena kakhumi, nayezanso. Zinapyolabe. Pa zaka zake zonse anali asanaonepo zotere.

Anakhala pampando wake wautali, manja ali pamawondo, mpaka bambo wa pasikelo anagogoda pawindo kuti lole yoyamba yafika.

Nthawi ya nkhomaliro anathamangira kuchipatala. Anakumana ndi dokotala wa wodi ya abambo pakhonde, mayi wamfupi wa magalasi, atanyamula mafayilo. Anamufotokozera mwachidule, namuonetsa pepala la zotsatira. Dokotalayo anawerenga kawiri.

"Mukufuna ndikuuzeni kuti ndi chimenechi," anatero. "Sindingathe. Chiwindi chimawonongeka ndi zinthu zambiri. Achimwene anu tinawapezanso ndi matenda ena a chiwindi omwe mwina akhala nawo kuyambira ali mwana osadziwa. Chotupa chonga ichi nthawi zambiri chimayamba kale."

"Koma zingatheke kuti izi zinathandizira?"

"Zingatheke. Munthu amene chiwindi chake chili kale pamavuto, zotere sizimuchitira chifundo. Koma kuchuluka kwake, palibe angakuuzeni."

"Nanga akasiya kudya lero?"

Dokotala anavula magalasi, nawapukuta ndi nsonga ya jasi.

"Asiye ndithu. Ndipo anawo mubwere nawo tiwaone. Koma za bambowa, mayi, tikungowachepetsera ululu."

Achimwene anali pabedi la kuwindo. Munthu amene ankanyamula makireti awiri paphewa limodzi anali atatsala mafupa m'mapewa, mimba yokha ili tumbi pansi pa bulangeti. M'maso munali mwachikasu. Atamuona mlongo wawo anayesa kudzuka.

"Odi! Anamwino, bisani zipatso zonse, kwabwera apolisi."

Odwala a pafupi anaseka. Mayi Ayi anakhala m'mphepete mwa bedi.

"Mwamva kale?"

"Alamu ako andiuza m'mawa. Katatu. Ndiye kuti atifufuta." Anapumira kaye. "Usadandaule. Ukanawalola ndikanakukana kuti si iwe mlongo wanga. Ndinakutumiza kusukulu kuti ukaphunzire kuona, osati kutsinzina."

Mayi Ayi anayang'ana kumbali. Kabati kakang'ono ka pambali pa bedi kanali kotseguka pang'ono. Mkati munali kapu, sopo, ndi kajumbo ka tizidutswa tofiirira, katatsala theka.

"Izi ndi ziti, achimwene?"

"Aa, usandiulule. Chakudya cha muno chimandibwerera. Izi zokha ndiye zimatsika."

Mayi Ayi anatenga kajumboko, nakamanga, nakaika m'chikwama chake. Achimwene ankangomuyang'ana. Kuseka kuja kunachoka pang'onopang'ono pankhope pawo.

"Waziyeza," anatero.

"Eya."

"Zatuluka bwanji?"

"Zoipa, achimwene. Kuposa aawisi aja kutalitali. Sanaume bwino, ndiye chuku chinapitiriza kukula m'matumba. Kudula povunda sikuchotsa poizoni yense, ndipo kupukuta sikuchotsa kanthu."

Achimwene anaika dzanja pamimba, naliyang'ana.

"Ndiye ndi chimenechi."

"Adokotala akuti sangatsimikize. Akuti panali kale matenda ena."

"Koma iwe ukuganiza chiyani?"

Mayi Ayi anawerama. Misozi inayamba kugwera pa chikwama.

"Ndinakuuzani kuti musagulitse. Sindinakuuzeni kuti musadye. Liwu limodzi lokha. Ndinali ndi changu, malole anali pamzere. Alendo ndawateteza zaka zonsezi, anthu osawadziwa n'komwe, koma inu..."

"Iwe, khala chete. Ukundichititsa manyazi pamaso pa anthu." Anamugwira dzanja. Chikhatho chawo chinali chouma ndi chotentha. "Ukanandiuza ndikanamva? Ine? Munthu woti mayi athu anandithyolera zikoti zingati? Ndikanangoti ana a sukulu mumaopa chilichonse. Madzi akatayika saoleka, chemwali."

Mayi Ayi anagwedeza mutu ngati wavomera. Koma ankadziwa kuti akunama. Liwu limodzi lomwe anawauza analisunga zaka ziwiri, mpaka kubweza amayi a madengu pakhomo. Lachiwirilo akanalisunganso.

Namwino anadutsa ndi kangolo ka mankhwala. Achimwene anadikira kuti apitirire.

"Ana," anatero.

"Ndibwera nawo mawa adzawaone."

"Wamng'ono uja amaba. Ndimamuona, ndimangotsinzina dala." Anatseka maso. "Tamvera. Alamu ako usawauze. Ndi iwo ankacheka. Ndi iwo ankayanika, n'kumandiikira m'thumba la malaya m'mawa uliwonse. Ngakhale kajumbo kameneko abweretsa okha, atasankha tabwinotabwino. Ukawauza wapha anthu awiri. Uwauze kuti ndi mowa wa paunyamata."

"Simunamwepo mowa, achimwene."

"Ndiye upeke china. Unapita kusukulu iwe."

"Matumba ali m'shedi. Ndiyenera kuwakwirira. Ana ayenera kuyezedwa. Andifunsa chifukwa chake."

"Ndiye unene pang'ono. Osati zonse."

Belu lotulutsa alendo linalira. Mayi Ayi anawakonzera pilo, nawamwetsa madzi. Sanalonjeze kanthu, ndipo achimwene sanamukakamize.

Loweruka Mayi Ayi anapita kumunda ndi khasu lobwereka. Anasankha malo kumapeto kwa munda, kutali ndi chitsime. Anali atakumba mpaka m'mawondo pamene mlamu anafika ndi khasu lake, nalowa m'dzenjemo osafunsa. Ana anali atayezedwa dzulo lake. Dokotala anati pakali pano sakuona chodetsa nkhawa, koma azibwera nawo.

Anakumba mpaka m'chiuno. Anakhuthuliramo makireti onse, mango akugubuduka n'kuphulika, ntchentche zili ng'waa. Kenako ananyamulira limodzi matumba aja, wina uku wina uku. Thumba lomaliza litagwera pansi, mlamu anakhala pamulu wa dothi, napukuta thukuta ndi mpango.

"Alamu, ine sindinapite patali ndi sukulu, koma si ine mwana. Mwatseka shedi. Mwatenga ana kupita nawo kuchipatala. Dzulo ndapeza kabati yawo ilibe kajumbo kaja, ndipo atandiona ndikufufuza anayamba nkhani ya mvula. Tandiuzani."

Mayi Ayi anatsamira khasu. Anamuuza zomwe anapeza m'matumba. Anamuuzanso mawu a dokotala, onse, osawonjezera, osachotsera.

Mlamu sanalire. Anatambasula manja ake n'kuwayang'ana, kuseri ndi kutsogolo. Chala chachikulu chinali ndi zipsera za mpeni.

"Ndinkasankha okoma," anatero. "Akapita kumunda osatenga ndinkawathamangira nawo."

"Simunkadziwa. Wodziwa ndinali ine."

"Akanasiya chaka chatha, bwenzi zili bwanji?"

"Sindikudziwa, alamu. Palibe akudziwa."

"Iwo akudziwa zimenezi?"

"Akudziwa. Anati ndisakuuzeni."

Mlamu anaseka kamodzi, kuseka kopanda mawu.

"Ndiye sindikudziwa. Mwamva? Ndikapita mawa sindikudziwa kanthu. Asanyamule zanganso."

Anadzuka, nayamba kukwirira.

Achimwene anakhala masabata ena asanu. Mlamu ankapita tsiku lililonse, n'kumawadandaulira kuti mbewa zalowa m'shedi zadya zonse, iwo n'kumatukwana mbewazo ndi mphamvu zomwe zinatsala. Anamwalira Lachiwiri masana, mkazi wawo atapita kukatsuka kapu.

Atabwerera kuntchito, Mayi Ayi analowa mu ofesi ya abwana, nawapempha kuti katundu wopezeka ndi poizoni asamabwererenso ndi mwini wake, azikwiriridwa kuseri kwa fakitale mlimi akuona. Abwana anakanda mutu, nati alimi adzamudya wamoyo. Iye anati palibe kanthu, abwana n'kulola. Ndipo anamudyadi. Wina anamulavulira pafupi ndi phazi. Wina anamufunsa ngati mitengoyo anadzala ndi iye. Iye ankaima pakhonde, n'kumufotokozera aliyense payekhapayekha, mpaka mawu kusasa: musagulitse, musayanike, musadye, musapatse ziweto. Ena ankamva. Ena ankangoyang'ana kumbali.

Nyengo ya mango ili pafupi kutha, m'mawa wina wa mitambo, bambo wa pasikelo anabweranso pawindo. Ulendo uno sanaseke.

"Mayi, kuli alendo anu kugeti. Alibe lole."

Anali mlamu, atavala zakuda, ataonda. M'manja anali ndi kanthu kokulungidwa m'kansalu. Atafika pawindo anakamasula. Linali bango limodzi, lalikulu, lachikasu, lili ndi timano ta mwana pambali.

"Aneba anamupatsa wamng'ono uja dzulo," anatero. "Ndinangoona ali nalo pakamwa. Sindikudziwa chinandigwira. Ndinamulanda, ndinamumenya, alamu. Mwana wanga sindinamumenyepo chotero. Sanalire n'komwe, anangondifunsa kuti, amayi, ndalakwa chiyani? Chimwalirireni bambo ake m'nyumba mwanga simunalowe chipatso. Akulira mango, mitengo ili pakhomo pomwepo." Anakankhira bangolo kutsogolo. "Ndiyezereni."

Chipinda chija sichinali choyezera zinthu za anthu wamba, ndipo bango limodzi silinali loti n'kuonongerapo kachipangizo. Mayi Ayi anatsegula chitseko.

"Lowani, alamu. Khalani apa."

Anatsuka bangolo, nalitembenuza pakuwala mbali zonse. Linalibe dontho. Analidula pakati. Mkati munali mwachikasu mpaka panjere. Anacheka kachidutswa, napera, nasefa, nadonthezera, n'kutchera wotchi. Anakhala moyandikana pa benchi, maso ali pa kachipangizo. Kunja kunayamba kuwaza kamvula.

Mzere woyamba unatuluka. Kenako wachiwiri, wofiira bwinobwino ngati mnzake.

"Iwiri," anatero mlamu monong'ona. "Iwiri ndiye yabwino?"

"Yabwino. Kampatseni adye lonse."

Mlamu anakulunga zidutswa zija m'kansalu mosamala, nafika pakhomo. Pamenepo anaima, osatembenuka.

"Nanga la mawa?"

Mayi Ayi anayang'ana msana wa mlamu wake, mapewa atagwa, mpango utanyowa ndi mvula. Kunja lole ina inali ikuimba hutala.

"Mawa ndi Loweruka," anatero. "Ndibwera m'mawa ndi mpeni wanga. Muwauze ana onse awiri andidikire pansi pa mtengo. Tikathyola limodzi, ndikakuonetsani poyang'ana."

Mlamu anagwedeza mutu, nabisa kansalu kaja m'kati mwa juzi kuti kasanyowe, natuluka.